Chidulo, thumba la feteleza ndi miyala ya ku Malosa: kuphunzitsa maelementi m'chigwa cha Domasi

Mlimi wa m'chigwa cha Domasi simungamunamize pa nkhani ya feteleza. Amadziwa wokulitsa, amadziwa wobereketsa, ndipo akuluakulu ambiri amatchula manambala a 23:21:0+4S osayang'ana n'komwe pathumba. Mwana wa mlimi yemweyo, amene ali Fomu 1 kapena Fomu 2 pasekondale yoyendera, madzulo amakhala pakhonde, kope lili pamiyendo, kubwereza mayina 20 amene aphunzitsi a Chemistry anena kuti sangalephere kubwera pamayeso: hydrogen, helium, lithium, beryllium, boron, mpaka kukafika pa calcium. Pakati pa mayinawo pali nitrogen, phosphorus, sulphur ndi potassium. Thumba la feteleza lili m'nyumba momwemo, kuseri kwa chitseko, koma kawirikawiri palibe amene anamuuzapo mwanayo kuti zimene akulimbana nazo m'kopezo ndi zomwe bambo ake anakafolera pamzere kudepoti.

Manambala aja amanena kuti pa makilogalamu 100 alionse a fetelezayo, 23 ndi nitrogen, 21 ndi phosphate amene amapatsa mbewu phosphorus, potassium mulibiretu, ndipo 4 ndi sulphur. Wokulitsa amene wafala zaka zaposachedwapa, wa 23:10:5+6S+1.0Zn, anamuwonjezera potassium ndi zinc chifukwa nthaka ya m'madera ambiri inapezeka kuti ikuperewera zimenezi. Urea, wobereketsa uja, amapereka nitrogen yekha, 46 pa 100.

Nitrogen, phosphorus, potassium, sulphur ndi zinc ndi maelementi. Chilichonse chimene timachiona, kuchigwira, kuchidya kapena kuchipuma chinapangidwa kuchokera ku zinthu zoyambira zowerengeka, zimene simungaziphwanyenso kuti mutulutsemo chinthu china. Madzi si elementi, pakuti mukawadutsitsa mphamvu ya magetsi amagawika n'kukhala hydrogen ndi oxygen. Mchere wa m'ndiwo si elementi, ndi sodium wophatikana ndi chlorine. Koma chitsulo, mkuwa, mtovu ndi golide, kaya muzipere, kaya muzisungunule pang'anjo, zimakhalabe chomwecho. Maelementi odziwika lero alipo 118. Opitirira pang'ono 90 amapezeka m'chilengedwe, otsalawo anapangidwa ndi asayansi m'malabotale, ndipo anayi omaliza anapatsidwa mayina mu 2016. Onsewa anayalidwa pa tchati chimodzi cha timabokosi, periodic table, chimene chimapachikidwa pakhoma la kalasi ya sayansi kulikonse padziko lapansi.

Nkhani ya kaphunzitsidwe ka tchati chimenechi ikuyenera kukambidwa ku Domasi kuposa kwina kulikonse m'dziko muno. Chigwachi chakhala cha maphunziro kuyambira mu 1884 pamene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anatsegula mishoni kumtunda kwa mtsinje wa Domasi, pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linatsegula sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ndi mafumu ankaphunzira zotukula midzi. Mu 1982 bungwe la Malawi Institute of Education linayamba ntchito komweko, ndipo ndilo limalemba silabasi ya mwana aliyense wa pulayimale ndi sekondale, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Mu 1993 kunatsegulidwa Domasi College of Education yosula aphunzitsi a m'sekondale. Choncho amene amasankha kuti mwana aphunzire chiyani za maelementi, ndi amene adzaime kutsogolo kwa mwanayo ndi choko, amamwa madzi a mtsinje umodzi.

Silabasi imene inayamba kugwira ntchito mu 2015 inagawa phunziro lakale la Physical Science n'kukhala maphunziro awiri, Physics ndi Chemistry. Ganizo linali labwino, koma kugawa phunziro papepala sikumanga labotale. M'masekondale oyendera ambiri, a CDSS aja, Chemistry amaphunzitsidwa ndi bolodi ndi choko basi. Buku limodzi amagawana ana angapo, kalasi ndi yodzaza, ndipo mphunzitsi mwina anasulidwa kuti aziphunzitsa phunziro lina. Munthu wotere akafika pamutu wa periodic table amachita chimene angathe: amajambula timabokosi 20, ana amakopera, kenako amaloweza. Ena amapeka kanyimbo kapena chiganizo choseketsa chothandiza kukumbukira zilembo zoyamba. Mphunzitsiyo sitingamuloze chala. Chomvetsa chisoni n'chakuti tchaticho chinapangidwa ndi mphunzitsi mnzake amene cholinga chake chinali kuchepetsa kuloweza komweku.

Dmitri Mendeleev, amene anabadwira ku Tobolsk m'chigawo cha Siberia mu 1834, ankaphunzitsa Chemistry payunivesite ya ku St Petersburg. Posowa buku labwino la m'Chirasha loti ophunzira ake azigwiritsa ntchito, anayamba kulemba lake. Pa nthawiyo maelementi odziwika anali 63, iliyonse ndi kulemera kwake, mtundu wake ndi khalidwe lake, ndipo vuto lake linali la mphunzitsi aliyense: ndiyambe ndi chiti, nditsatize chiti, kuti wophunzira asasokonezeke? Atawandandalika kuyambira opepuka kupita kwa olemera, anaona kuti makhalidwe amabwererabwerera. Ukachoka pa lithium n'kudumpha angapo, umapeza sodium wochita zofanana naye, ukadumphanso umapeza potassium. Ena anali ataziona kale zimenezi. John Newlands wa ku England anazinena cha m'ma 1865 koma anzake anangomuseka. Chimene Mendeleev anachita mu 1869 chinali cholimba mtima kuposa apo. Pamene elementi yotsatira sinkagwirizana ndi gulu limene ikanagweramo, ankasiya bokosi lopanda kanthu n'kunena kuti mwini wake alipo, kungoti sanapezeke. Anafika pofotokozeratu kulemera ndi khalidwe la maelementi osowawo.

Mu 1875 Mfalansa wina, Paul-Émile Lecoq de Boisbaudran, anapeza gallium ndipo atamuyeza ananena kuti amalemera magalamu 4.7 pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse. Mendeleev, amene anali asanamuonepo gallium ndi maso, analemba kuti muyesowo walakwika, uyenera kukhala pafupi ndi 5.9. Mfalansayo atayeretsa bwino chitsulo chakecho n'kuyezanso anapeza 5.9. Scandium anapezeka mu 1879, germanium mu 1886, onse m'mabokosi amene anawasungira. Chifukwa chenicheni cha dongosololi chinadziwika pambuyo pake: mu 1913 Henry Moseley, mnyamata wa ku England amene anafera kunkhondo ku Gallipoli mu 1915, anasonyeza kuti chimene chimapatsa elementi malo ake si kulemera, koma nambala ya atomu yake, imene lero timadziwa kuti ndi chiwerengero cha mapulotoni a pakati pa atomuyo. Hydrogen ali ndi imodzi, carbon 6, chitsulo 26, golide 79.

Nkhani ya gallium imatha kukambidwa m'kalasi pa mphindi zisanu, ndipo imauza mwana chinthu chimene kanyimbo koloweza sikangamuuze: ukadziwa malo a elementi pa tchati, umadziwa khalidwe lake usanakumane nayo. Kuloweza mayina 20 motsatana kuli ngati kuloweza kaundula wa a nyakwawa osadziwa kuti uyu ndi wa mbumba iti. Wodziwa mbumba, akangomva kuti uje ndi mdzukulu wa uje, amadziwiratu zambiri za iye.

Gulu loyamba la tchati, mzere wotsika wa kumanzere kwenikweni, likupezeka kukhitchini. Mayi wofuna kuphika thelere kapena kufewetsa chigwada amatentha zitsononkho, makoko a nyemba kapena masangwi a mtedza mpaka zitasanduka phulusa loyera. Phulusalo amaliika m'kachitini kobowolabowola pansi, n'kuthiramo madzi pang'onopang'ono, mbale ili pansi. Madzi amene amadontha amakhala ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ukawagwira ndi zala amaterera ngati sopo. Chimenecho ndi chidulo. Tsiku limene phulusa palibe, mayiyo amatuma mwana kukagula soda wa pamsika, ndipo thelere limapsa chimodzimodzi. Palibe amene amadabwa kuti kaufa koyera ka m'pepala kakugwira bwanji ntchito ya madzi a phulusa. Mphamvu ya chidulo ili mu potassium carbonate, ndipo soda ndi sodium bicarbonate. Sodium ali pa nambala 11, potassium pa 19, wina pamwamba wina pansi pake mumzere umodzi. Mankhwala a mtundu umenewu a awiriwa amasungunuka msanga m'madzi n'kuwasandutsa alkali, amene amafewetsa masamba. Humphry Davy, amene anayamba kupatula potassium payekha mu 1807, anamutulutsa m'mankhwala ochokera ku phulusa la nkhuni, ndipo patangopita masiku ochepa anapatulanso sodium mwa njira yomweyo.

Mphunzitsi angathe kubweretsa zonsezi m'kalasi m'mabotolo atatu. Madzi ofiira a chidede akathiridwa madzi a mandimu amafiira kwambiri, koma akathiridwa chidulo kufiirako kumachoka, amayamba kubiriwira. Soda amawasinthanso mtundu kulowera komweko, ngakhale mofooka. Mandimu omwewo akafinyidwa pa soda, thovu limatuluka, ndipo pa chidulo chokhathamira bwino limatulukanso: mpweya wa carbon dioxide. Mwana amene waona izi ndi maso, ukamusonyeza kuti Na ndi K ali mumzere umodzi, samafunsanso kuti mizereyo ndi ya chiyani.

Kumanja kwa tchati, mzere wachiwiri kuchokera kumapeto, kuli gulu lina limene ana a ku Zomba amalidziwa ndi mphuno. Chlorine ndi fungo lija la madzi a m'ndowa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, pamene alangizi a zaumoyo ankagawa mankhwala othira m'madzi akumwa. Pamwamba pake pali fluorine wa m'mankhwala otsukira mano. Kumunsi kwake kuli iodine, amene amathiridwa mumchere wa m'sitolo kuti anthu asadwale chithokomiro, ndipo kuchipatala amapakidwa pabala. Chlorine ndi iodine onse amapha tizilombo toyambitsa matenda, ndipo si mwangozi kuti ali mumzere umodzi.

Apa ndi pamene maelekitironi, tinthu timene timazungulira phata la atomu, amalowera, ndipo safuna labotale. Pabwalo la sukulu ana amalemba pansi mizere yozungulira, umodzi mkati mwa unzake, n'kuyalapo zitsekerero za mabotolo kapena njere za chimanga zoimira maelekitironi: mzere woyamba umalandira ziwiri, wachiwiri zisanu ndi zitatu. Akayala za sodium, 2 kenako 8, imatsala imodzi kunja. Akayala za potassium, 2, 8, 8, imatsalanso imodzi. Za lithium wa m'batire la foni, chimodzimodzi. Za chlorine, 2, 8, 7, pamasowa imodzi kuti mzere wakunja udzaze. Mwana wochenjera, mphunzitsi asananene, amatola njere yotsala ya sodium n'kukaiika pampata wa chlorine. Wapanga mchere, ndipo wadziwa chifukwa chake umalembedwa NaCl, osati Na2Cl. Gulu lomaliza, la helium, neon ndi argon, mizere yawo ndi yodzaza kale, n'chifukwa chake sagwirizana ndi china chilichonse mwachisawawa.

Calcium, wotsekera mndandanda wa 20 uja, ndiye ali paliponse: mu laimu wopaka khoma la kalasi, m'choko, m'chigoba cha dzira, m'minga ya matemba a ku Chilwa, ndi m'miyala ya ku Changalume imene kwa zaka zambiri inkakumbidwa kuti ipange simenti. Batire lakutha la tochi, mphunzitsi akalitsegula mosamala, lili ndi zinthu zitatu: chikopa cha zinc, kamtengo kakuda ka carbon pakati, ndi ufa wakuda wa manganese dioxide. Zinc yemweyo ndiye amakuta malata kuti asachite dzimbiri, ali pathumba la feteleza, ndipo ndi timapiritsi timene mwana wotsegula m'mimba amalandira pamodzi ndi Thanzi.

Koma chuma chachikulu cha phunziroli m'chigwa cha Domasi chili pamwamba pa mitu ya ana. Phiri la Malosa ndi lodziwika kwa osonkhanitsa miyala a ku Ulaya ndi ku America chifukwa cha aegirine, mwala wakuda wonyezimira umene umamera timizati tosongoka, nthawi zina totalika kuposa chikhatho. Anyamata amakaukumba m'malo ovuta kufikako, m'mbali mwa maphompho, ndipo umagulitsidwa kwa alendo paphiri la Zomba pamodzi ndi quartz wotuwa ngati utsi ndi feldspar woyera. Aegirine ndi sodium, chitsulo, silicon ndi oxygen. Quartz ndi silicon ndi oxygen basi. Feldspar wa kumeneko ali ndi potassium ndi aluminium. Miyala itatu ya pathebulo la wogulitsa ili ndi maelementi asanu ndi imodzi, asanu mwa iwo ali pa mndandanda umene mwana akuloweza. Mvula ikamagwa pamiyala yotere zaka zikwizikwi, imasungunula pang'onopang'ono sodium ndi anzake, mitsinje ngati Domasi n'kuwatengera ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero madzi amauma ndi dzuwa, mchere n'kutsala. N'chifukwa chake madzi a Chilwa amamveka kamchere, ndipo amawawa kwambiri nyanja ikamaphwa ngati mmene inachitira mu 1968, 1995 ndi 2018.

M'miyala ya ku Malosa momwemo mumapezekanso zirconium, niobium ndi maelementi a gulu la rare earth. Mapiri a Zomba ndi Malosa, chisumbu cha Chilwa, Tundulu ndi Songwe ku Phalombe, komanso Kangankunde ku Balaka, onse ndi a chigawo chimodzi cha miyala chimene akatswiri amachitcha Chilwa Alkaline Province, ndipo likulu la nthambi ya boma ya Geological Survey lili mu mzinda wa Zomba momwemu. Ku Kangankunde kampani ya Lindian Resources ikufuna ma rare earth, ku Songwe ndi Mkango Resources. Chimene chikuwakoka kwambiri ndi neodymium, nambala 60, ndi praseodymium, nambala 59, opangira maginito amphamvu a m'magalimoto oyendera magetsi ndi m'makina opukusa magetsi ndi mphepo. Awiriwa ali m'mizere iwiri ija yolendewera pansi pa tchati, imene mphunzitsi wojambula pabolodi amaisiya chifukwa malo atha. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli niobium, nambala 41, wolimbitsa zitsulo. Ku Kasiya ku Lilongwe kuli rutile, mwala wa titanium, nambala 22. Ku Kayelekera ku Karonga, mgodi umene unayamba mu 2009, n'kuima mu 2014, n'kutsegulidwanso mu 2025, kuli uranium, nambala 92.

Mndandanda woloweza umathera pa 20. Miyala imene ikumveka kwambiri pawailesi ndi ku Nyumba ya Malamulo imayambira pa 22. Sindikunena kuti mwana wa Fomu 2 aphunzire makhalidwe a maelementi 118, ayi. Koma tchati chathunthu chiyenera kukhala pakhoma, ndipo ola limodzi pa teremu lingaperekedwe kuti ana alembe mayina a maboma a dziko lino pa timabokosi toyenera. Ana amenewa ndiwo adzakhale pamisonkhano ya chipukutamisozi cha migodi, ena adzakhala makhansala, ena atolankhani. Munthu amene sadziwa kusiyana kwa neodymium ndi cerium, amene amapezeka pamodzi koma mitengo yawo ndi yotalikirana kwambiri, sangafunse funso loyenera akauzidwa kuti kwatuluka matani mwakuti a "miyala".

Maganizo ophunzitsa ndi zinthu za pakhomo si achilendo ku Domasi. Mphunzitsi aliyense m'Malawi amadziwa mawu akuti TALULAR, njira yogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera, imene Malawi Institute of Education yakhala ikulimbikitsa kwa zaka zambiri. Ndondomeko ya SMASSE, yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi amene ali kale pantchito, inayamba mu 2004 ndi thandizo la bungwe la JICA la ku Japan, ndipo Domasi College of Education inali pakati pa ntchitoyo. Vuto ndi lakuti TALULAR imathera kwambiri kupulayimale, pa timitengo towerengera ndi mipira ya mapepala. Ikafika pa Chemistry ambiri amaganiza kuti popanda mabotolo a galasi ndi mankhwala ogula kunja palibe chingachitike.

Mbali ina akunena zoona, ndipo apa tisanamizane. Chidulo chimasonyeza mankhwala a potassium, sichisonyeza potassium weniweniyo. Mwana amene sanaonepo kachidutswa ka sodium, kofewa koti n'kudulidwa ndi mpeni, kakuthamanga pamwamba pa madzi uku kakulira, kapena ka potassium kakuyaka moto wotuwira kufiira pamadzi omwewo, wamanidwa chinthu chimene mnzake wa kusukulu ya boma yogonera konko amachiona. Kuona kumeneko ndi kumene kumatsimikiza kuti ukamatsika m'gulu loyamba ukali umakula. Zimenezi zimafuna labotale, magalasi oteteza maso ndi mphunzitsi wodziwa kusunga zitsulozi m'mafuta. Zitsekerero za mabotolo zisakhale chifukwa choti boma lizengereze kumanga malabotale m'masekondale oyendera.

Pali nkhaninso ya chilankhulo. Ana ambiri a m'midzi ya kwa Malemia amakula akulankhula Chiyao ndi Chichewa, ndipo Chemistry amakumana naye m'Chingerezi chokhachokha. Mayeso ndi a m'Chingerezi, mayina a maelementi ndi zizindikiro zake sizisintha kulikonse, ndipo ziyenera kuphunziridwa momwemo. Koma funso loti n'chifukwa chiyani soda amalowa m'malo mwa chidulo lingafunsidwe ndi kukambidwa m'chilankhulo chimene mwana amaganizira, Chingerezi n'kubwera pamene mfundo yakhazikika. Aphunzitsi ambiri amachita kale zimenezi, kungoti amachita mobisa, ngati akuba, poopa kuti woyendera sukulu angawamve.

Chodabwitsa n'chakuti mayeso enieniwo sakondera woloweza. Pa mapepala a MANEB pamabwera kawirikawiri funso limene limabisa mayina: amapereka zilembo wamba, n'kuchenjeza kuti si zizindikiro zenizeni za maelementi, pambali pake n'kulemba manambala a atomu. Tinene kuti Q ndi 11, R ndi 17, T ndi 19. Kenako amafunsa kuti ndi ziti zili m'gulu limodzi, ndi iti yaukali kuposa inzake, ndipo Q akaphatikana ndi R papangika chiyani. Mwana wa kanyimbo amayamba kuwerenga zala pansi pa desiki kuti apeze dzina la nambala 19, ndipo akalipeza amaonanso kuti dzinalo silikuyankha funso. Amene anayalapo njere za chimanga pabwalo amalemba 2, 8, 1 ndi 2, 8, 8, 1 m'mphepete mwa pepala n'kupita ku funso lotsatira.